Pachulu kuseri kwa nyumba ya amayi

Kumudzi kwathu, mbali ya ku Domue m'boma la Angónia ku Mozambique, rede, ndiye kuti netiweki ya foni, imagwira pamalo amodzi okha, pachulu chachikulu chomwe chili kuseri kwa nyumba ya amayi moyandikana ndi khola la mbuzi. Ukaima pansi foni ili zii. Ukakwera pamwamba n'kutembenukira kumene kuli malire a Malawi, timizere tiwiri timatulukira, tsiku lina kamodzi kokha. Mudzi wonse ukudziwa zimenezi, moti udzu wa pachulupo unatha kalekale ndi mapazi a anthu. Dzuwa likapendeka umapezapo anthu atatu kapena anayi, wina akulankhula ndi mwana wake wa ku Joni, wina akudikira uthenga wa M-Pesa, wina wangokweza foni m'mwamba kudikira kuti ilire. Inenso ndimakwerapo, koma yanga ntchito ndi ina. Ndimatumiza nkhani ku webusayiti ya gulu lathu la alimi.

Ndimakhala ku Ulongwe, kumene ndimaphunzitsa, ndipo kumudzi ndimapitako Lachisanu madzulo n'kubwerako Lamlungu. Webusayitiyo ndinaiyamba chifukwa cha dandaulo lomwe linkabwera pamsonkhano uliwonse. Ogula mbatatesi akafika ndi malole awo kuchokera ku Tete kapena ku Beira, mlimi sadziwa kuti thumba likuyenda bwanji kumisika ina, ndiye amangovomera mtengo womwe wauzidwa. Tinayamba ndi mitengo ya mbatatesi, chimanga, nyemba ndi soya. Kenako anthu anapempha kuti tiziikapo masiku a misonkhano, kenako maliro, kenako za mvula ndi misewu. Zonse timalemba m'Chichewa. Za dziko lathu zomwe zili pa intaneti zambiri zili m'Chipwitikizi, ndipo amayi anga Chipwitikizi chawo ndi cha moni basi. Owerenga athu ambiri ndi abale omwe ali kutali: ku migodi ya malasha ya ku Moatize, mumzinda wa Tete, ku Lilongwe, ku Johannesburg. Iwo akawerenga amaimbira foni kumudzi, nkhani n'kubwerera komwe inachokera.

Webusayiti yathu inamangidwa ndi WordPress, pulogalamu yomwe Matt Mullenweg ndi Mike Little anaitulutsa mu 2003. Njira yomwe aliyense amaidziwa yoikira nkhani ndi kulowa pa dashboard, tsamba loyendetsera webusayiti, kulemba pamenepo, n'kudina batani. Ku Ulongwe zimenezi zimatheka bwinobwino. Pachulu ndi nkhani ina. Tsamba lolemberapo lisanatseguke, foni imayenera kukoka mafayilo ambirimbiri, makamaka kuyambira December 2018 pamene WordPress 5.0 inabweretsa cholembera chatsopano cha mabuloko. Sindikuchiimba mlandu cholemberacho, ndi chabwino kwa amene ali ndi rede yolimba. Koma pa timizere tiwiri, tsamba limangokhala loyera mbee, kagudumu kakuzungulira, ma megas a intaneti akutha.

Usiku wina mu July ndinakhala pachulupo pafupifupi ola lathunthu. Amene anagonapo ku Angónia mwezi umenewo akudziwa kuzizira kwake, mphepo yoti zala zimakanika kupinda. Ndinali ndi chidziwitso cha maliro a agogo ena a m'mudzi woyandikana nafe, omwe ana awo awiri ali ku Joni. Tsamba linatseguka, ndinalemba zonse, ndinadina, rede n'kuchoka. Itabwerera, zomwe ndinalemba zinali zitapita. Ndinatsika ndili ndi chisoni chenicheni, chifukwa chidziwitsocho chinali mizere isanu ndi umodzi yokha, mawu ochepa kuposa omwe munthu amayankhula popereka moni wa m'mawa.

Lolemba lake ndinaimbira mnzanga amene tinaphunzira limodzi kusekondale, pano amagwira ntchito za makompyuta ku Beira. Atamva anati, "Mbale wanga, iwe ukufuna sitolo yonse ibwere pachulu, pomwe chomwe ukufuna ndi kusiya kalata pakhomo. Talemba adiresi ya webusayiti yako, kumapeto uwonjezere /xmlrpc.php, undiuze chomwe chituluke." Ndinatero. Panatuluka mzere umodzi wokha wa Chingerezi pa tsamba loyera: XML-RPC server accepts POST requests only. Iye anaseka mokondwa n'kunena kuti, "Basi, khomo lakumbuyo lili lotsegula."

RPC ndi chidule cha Remote Procedure Call, ndipo tanthauzo lake ife a kumudzi tinalidziwa makompyuta asanabwere. Ndi kutuma. Amayi akafuna ufa sanyamula chigayo kubwera nacho pakhomo. Amaitana mwana, n'kumuuza ntchito yake, kuti kagayitse. N'kumupatsa zofunika pa ntchitoyo, thumba la chimanga ndi ndalama. Mwana amapita, ntchito imagwiridwa komweko, n'kubwera ndi yankho, kaya ndi ufa kaya ndi mawu oti chigayo chafa. Kompyuta yanga imachita chimodzimodzi ndi seva yomwe imasunga webusayiti. Imatchula dzina la ntchito, imapereka zofunika, seva imagwira ntchitoyo n'kubweza yankho. Sipafunika kuona mabatani, mitundu kapena zithunzi za dashboard. Chomwe chimayenda pa rede ndi kalata yokhayo ndi yankho lake.

Njirayi ndi yakale ndithu. Dave Winer wa kampani ya UserLand Software anaikonza pamodzi ndi anthu a ku Microsoft mu 1998, nthawi yomwe ngakhale ku America anthu ankalowa pa intaneti kudzera pa waya wa telefoni, pang'onopang'ono. Mu 2001 Blogger, webusayiti ina yomwe anthu amalembapo nkhani zawo, inatulutsa mndandanda wa ntchito zomwe munthu angatume kudzera m'njirayi, ndipo mu 2002 Winer yemweyo anawonjezera wina wotchedwa MetaWeblog. WordPress inatengera zonsezo, pambuyo pake n'kuwonjezera zakezake zomwe mayina ake amayamba ndi wp. Ntchito yomwe ine ndimaituma kwambiri, wp.newPost, inabwera ndi WordPress 3.4 mu 2012, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho, pa 3.5, khomoli linayamba kubwera lotsegula kale pa webusayiti iliyonse yatsopano. Nditawerenga mbiri imeneyi ndinamvetsa chifukwa chake njirayi ikutiyenera. Anaipanga anthu omwe rede yawo inali ngati yathu ya lero.

Kalatayo imalembedwa mu XML, ndiye kuti mawu aliwonse amakutidwa ndi chizindikiro chotsegula ndi chotseka, ngati mmene timamangira katundu m'mapaketi. Paketi yakunja imatchedwa methodCall. Mkati mwake muli methodName, pomwe pamalembedwa dzina la ntchito, ndi params, momwe mumalowa zofunika zonse motsatana. Pa wp.newPost zofunikazo ndi zinayi: nambala ya webusayiti, dzina la wolowa, senha yake (mawu achinsinsi olowera), ndi nkhani yeniyeniyo. Nkhaniyo nayo ili ndi zigawo zake, post_title wa mutu, post_content wa mawu onse, ndi post_status wonena ngati nkhaniyo ioneke pompo kapena idikire kaye. Zikayenda bwino seva siyankha zambiri. Imangobweza nambala ya nkhani yatsopanoyo.

Mnzanga uja anandithandiza kulemba kapulogalamu m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python, ka mizere yosakwana makumi atatu. Python imabwera kale ndi chida chotchedwa xmlrpc.client, chomwe chimamanga mapaketi aja chokha, iwe n'kungochipatsa mawu. Ena angafunse kuti bwanji osangogwiritsa ntchito pulogalamu ya WordPress ya pafoni, poti nayonso kwa zaka zambiri yakhala ikudutsira pakhomo lomweli. Yankho langa ndi loti foni yanga ndi yakale ndipo malo ake ndi ochepa, komanso nkhani zambiri zimandipeza zili pamapepala, zolembedwa ndi pensulo, moti kuzilemba pa laputopu kumandifulumirira. Choncho Loweruka masana ndimakhala pakhonde la amayi, laputopu ili pamwendo, batire yake itadzazidwa ndi kasola ka padenga, n'kulemba nkhani iliyonse m'kafayilo kake popanda intaneti. Palibe chondithamangitsa. Ndikamaliza ndimakwera pachulu, ndimalumikiza laputopu ku foni, n'kulamula kapulogalamu kaja kuti katumize.

Tsiku loyamba sindidzaliiwala. Ndinakhala pamwamba pa chulu, mwendo wina ndauponda pamuzu kuti ndisaterereke, foni ndaiika pachipewa pambali panga. Nkhani inali ya mitengo ya nyemba. Ndinadina, n'kuyamba kuwerenga mumtima monga ndinazolowera kudikira. Ndisanafike pa khumi, pa galasi lakuda panatuluka nambala, 412. Basi. Ndinaiyang'anitsitsa nambalayo osakhulupirira, kenako ndinatumiza uthenga kwa mchemwali wanga ku Moatize kuti atsegule webusayiti. Anayankha kuti, "Achimwene, ilipo, ya nyemba." Nditatsika amayi anali akupeta mphale pabwalo. Anandiyang'ana n'kufunsa, "Mwatsika kale, bambo? Zakanikanso lero?" Ndinati, "Zapita, mayi." Iwo anati, "Ndiye bwerani mudye, nsima isazizire ngati masiku onse."

Mu January 2022, namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revúboè, anthu athu omwe anali ku Tete ndi ku Moatize ankafuna kudziwa za kwawo ola lililonse: mitsinje yadzaza bwanji, minda ya m'madimba yatsala, chapa (minibasi) ikudutsa kapena ayi. Rede inkabwera mphindi zochepa n'kuchoka. M'masiku amenewo ndinatumiza timauthenga tambiri tatifupitifupi, tonse kudzera pakhomo lija, ndipo ndikudziwa kuti pa dashboard sindikanatha kutumiza ngakhale kamodzi.

Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndinawaponda onse.

Oyamba anali a nkhani yobwera kawiri. Tsiku lina ndinatumiza chidziwitso cha msonkhano, rede n'kuduka nambala isanabwere. Ndinaganiza kuti sichinapite, ndinatumizanso, kenako kachitatu. Nditafika ku Ulongwe ndinapeza chidziwitso chimodzi chili katatu, ma adiresi a ziwiri zinazo atawonjezeredwa -2 ndi -3 kumapeto. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chinthu chomwe aliyense wogwiritsa ntchito njirayi ayenera kuchisunga. Kusabwera kwa yankho sikutanthauza kuti ntchito sinagwiridwe. Mwana akhoza kufika kuchigayo, chimanga n'kugayidwa, koma mtsinje n'kudzaza iye asanawoloke kubwerera. Ukatuma mwana wachiwiri ndi thumba lina, wagayitsa kawiri. Seva siidziwa kuti kalata yachiwiriyo ndi yomwe ija, imangomvera. Tsopano kapulogalamu kanga kamayamba katumiza nkhani ngati draft, yosaoneka kwa anthu. Nambala ikabwera kamailemba m'fayilo, kenako kamatuma wp.editPost kuti nkhani ya nambala imeneyo ioneke. Kutuma wp.editPost kawiri sikuwononga kanthu, chifukwa ikukonza nkhani imodzi yomweyo. Ndipo ngati nambala sinabwere n'komwe, kamayamba kafunsa ndi wp.getPosts kuti kaone ngati mutu umenewo ulipo kale, kasanatumizenso.

Achiwiri anali a zilembo. Pagulu lathu pali abambo ena achikulire, aphunzitsi opuma, omwe amatilembera nkhani za mbiri ya midzi yathu ndi za Angoni. Iwo anaphunzira kalembedwe kakale ndipo salola kuti ŵ wa kachipewa asiyidwe. Tsiku lina anandiimitsa pamsika, foni ya mdzukulu wawo ili m'manja. "Aphunzitsi, dzina la dziko la anzathuwa mwalilemba chiyani apa?" Ndinayang'ana. Pomwe iwo analemba Malaŵi panali MalaÅµi, ndipo Angónia yathu inasanduka AngÃ³nia. Ndinachita manyazi, chifukwa munthuyo anakhala masiku akusankha mawu ake. Vuto linali kumbali yanga. Fayilo inasungidwa mu UTF-8, njira ina yosungira zilembo m'kompyuta, momwe chilembo ngati ŵ kapena ó chimatenga mabayiti awiri, ndiye kuti timalo tiwiri tosungiramo, koma kapulogalamu kanga kankaiwerenga m'kalembedwe kena komwe bayiti iliyonse ndi chilembo pachokha, ndiye chilembo chimodzi chinkasweka kukhala ziwiri. Kukonza kwake kunali kuwonjezera mawu ochepa pa mzere wotsegula fayilo. Ife a kuno timalemba pakati pa zinenero ziwiri, mayina a malo athu ali ndi ó, ã ndi ç wa Chipwitikizi, ndipo akuluakulu athu ali ndi ŵ wawo, choncho nkhani ya UTF-8 kwa ife si yaing'ono. Ndinakawapepesa abambo aja kunyumba kwawo, ndipo anandipatsa nkhani ina yoti ndiike.

Achitatu anali a nthawi. Pali chigawo chotchedwa post_date_gmt, ndipo ine ndinaikamo nthawi ya pa wotchi yanga. Mozambique ili patsogolo pa GMT, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo, ndi maola awiri, choncho seva inaona ngati nkhaniyo ndi ya mtsogolo, n'kuisunga kudikira nthawi yake. Chidziwitso choti lole ya feteleza yafika chinaoneka patapita maola awiri. Kuyambira pamenepo chigawo chimenecho sindichikhudza pokhapokha ndikufunadi kuti nkhani idzaoneke mawa.

Za zithunzi ndinene mwachidule. XML imanyamula mawu okha, ndiye chithunzi chimayamba chasandutsidwa zilembo m'njira yotchedwa base64, momwe mabayiti atatu alionse amakhala zilembo zinayi. Chithunzi cha 3 MB chimakhala pafupifupi 4 MB chisanakwere ndi wp.uploadFile, ndipo pachulu chotere sichifika. Ndimachichepetsa kaye mpaka cha m'ma 150 KB, ndimachitumiza pachokha, kenako nkhani pambuyo. Masiku ena ndimangochisiya mpaka Lolemba ku Ulongwe.

Matope aakulu koposa anali a chitetezo, ndipo apa ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amasiyana maganizo. Khomo lomwe ine ndimalowera, akuba nawonso amalidziwa. Tsiku loyamba lomwe ndinatsegula kaundula wa seva, momwe mumalembedwa aliyense wogogoda, ndinachita mantha. Mizere yambirimbiri inali ya xmlrpc.php, usana ndi usiku, kuchokera ku ma adiresi a mayiko omwe sindinawaganizirepo. Si anthu okhala pansi kufuna webusayiti ya alimi a ku Angónia ayi. Ndi makina omwe amayendayenda pa intaneti kuyesa chitseko chilichonse, kulowetsa dzina lakuti admin ndi senha zongopeka. Njirayi ili ndi ntchito ina yotchedwa system.multicall, yomwe imalola kuika ntchito zambiri m'kalata imodzi. Kwa ine ndi yothandiza, koma mu 2015 zinadziwika kuti akuba ankaigwiritsa ntchito kuyesa senha mazanamazana pa kugogoda kumodzi. WordPress 4.4, ya December chaka chomwecho, inakonza kuti senha yoyamba ikalakwika, zotsala zonse m'kalatamo zikanidwe. Palinso pingback.ping, yomwe cholinga chake ndi kudziwitsa webusayiti ina kuti waitchula. Mu March 2014 kampani ya zachitetezo ya Sucuri inalengeza kuti mawebusayiti a WordPress opitirira 162,000 anagwiritsidwa ntchito kudzera m'njira imeneyi kuthira webusayiti imodzi mauthenga mpaka kugwa, eni ake osadziwa kanthu.

Chinanso, m'kalata iliyonse ya XML-RPC mumakhala dzina ndi senha, zolembedwa poyera. Ngati adiresi ya webusayiti ikuyamba ndi http wopanda s, aliyense amene ali panjira ya kalatayo akhoza kuiwerenga. Miyezi yoyamba ine ndinkatumiza ndi senha ya Administrator, kiyi wa nyumba yonse, itasungidwa m'fayilo pa laputopu yomwe ndimayenda nayo pa chapa ndi pa njinga yamoto. Mnzanga wa ku Beira atamva anandidzudzula kwambiri, ndipo analondola.

Choncho sindidabwa kuti malangizo ambiri a pa intaneti amangoti tsekani xmlrpc.php. Kwa munthu amene amalemba ali mu ofesi, khomolo alibe nalo ntchito, ndipo kulitseka ndi nzeru. Chomwe chinandipweteka n'chakuti tsiku lina linatsekedwa kwa ine popanda wondiuza. Linali Loweruka, ndili ndi nkhani zinayi, imodzi ya maliro. Ndinakwera pachulu, ndinatumiza, m'malo mwa nambala panabwera 403, chizindikiro choti seva yakana. Ndinayesa kasanu. Senha inali yomweyo, rede inalipo. Lolemba nditalembera kampani yomwe imatisungira webusayiti, anayankha mwaulemu kuti atseka fayiloyo kwa makasitomala onse pofuna kuwateteza, ndipo anandilangiza kuti ndizigwiritsa ntchito dashboard. Ndinawalembera kalata yaitali m'Chipwitikizi, kuwafotokozera za chulu, za timizere tiwiri, za ana a ku Joni omwe anamva za maliro mochedwa. Sindikuwada, mantha awo ndi oona. Koma amene anapanga chiganizocho ankaganiza za munthu wa rede yodzaza, ndipo ife sitinali m'maganizo mwake. Patapita masiku anatitsegulira, atandipempha kuti nditseke pingback ndi kuika malire pa kuyesa senha, zomwe ndinachita tsiku lomwelo.

Masiku odikirawo anandikakamiza kuphunzira zomwe ndinkazengereza. Kuyambira pa WordPress 5.6, ya December 2020, pali zotchedwa Application Passwords. Ndi senha ya zilembo 24 yomwe WordPress imakupangira yokha, yogwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu basi. Munthu sangalowe nayo pa dashboard, imafuna kuti webusayiti ikhale pa https, ndipo ukhoza kupanga zingapo, chida chilichonse yakeyake. Laputopu itabedwa, ndingofafaniza ya laputopuyo, zina n'kutsala. Imasonyezanso tsiku lomwe inagwiritsidwa ntchito komaliza. Ndinapanganso dzina lina lolowera lomwe udindo wake ndi Editor, loti likhoza kuika nkhani ndi zithunzi ndi kuvomereza za ena koma silingakhudze makonzedwe a webusayiti. Ndi limene limakwera pachulu tsopano. La Administrator limatsala ku Ulongwe.

Ndinaphunziranso khomo lachiwiri, REST API, lomwe linakhazikika mu WordPress 4.7 mu December 2016. Adiresi yake imathera ndi /wp-json/wp/v2/posts, ndipo kalata yake imalembedwa mu JSON, yomwe ilibe zotsegula ndi zotseka zambiri ngati XML, choncho imapepukirapo. Chithunzi chimapita mmene chilili, osasandutsidwa base64, zomwe kwa ine ndi phindu looneka. Cholembera cha mabuloko chija nachonso chimalankhula ndi seva kudzera pakhomo limeneli, ndiye n'zovuta kuti wina angolitseka mwachisawawa. Kapulogalamu kanga tsopano kamadziwa makomo onse awiri. Kamayamba ndi latsopanoli, likakana kamapita ku lakale. Akatswiri amasiyanitsa kwambiri njira ziwirizi, yakale amati ndi yotchula ntchito, yatsopano yotchula chinthu. Zimenezo n'zoona, koma kwa ine ndili pachulu zonse ndi kutuma, ndipo vuto la nkhani yobwera kawiri lilipo konsekonse.

Chomwe ndaona m'zaka zimenezi n'chakuti kulemba kwanganso kunasintha. Pamene ndinkalemba pa dashboard, diso lina linali pa mawu, lina pa timizere ta rede, ndipo nkhani zinkatuluka zothamanga, zolakwikalakwika. Tsopano ndimalemba pakhonde, ndimawawerengera amayi mokweza, iwo n'kundikonza. Mawu ena omwe ndinatengera ku sukulu amawakana, amati, "Kuno sitinena choncho," n'kundipatsa enieni. Dzina la womwalira ndimalifunsa kawiri, mfunda wake, mudzi wake, anyakwawa ake. Zikakwana m'pamene ndimakwera. Rede ndimangoifuna kwa mphindi imodzi.

Panopa sindilinso ndekha. Kuli mtsikana wina wa ku Tsangano, mwana wa mmodzi wa alimi athu, amene anamaliza sekondale chaka chatha ndipo amadziwa mitengo ya mbatatesi ya kumeneko ndi ya pamalire a Biri-Biri kuposa ine. Alibe laputopu, koma foni yake ndi ya Android, ndiye tinaikamo Termux, yomwe imalola kuyendetsa Python pafoni, n'kukoperamo kapulogalamu kaja. Dzina lake lolowera ndi la udindo wa Contributor. Akhoza kutumiza nkhani, koma imafika ili pending, kudikira kuti wina aione. Sangaionetse yekha, ndipo sangaike zithunzi. Poyamba ndinkaopa kuti aona ngati sindikumukhulupirira, ndiye ndinamufotokozera kuti si za iye, ndi za foni, yomwe ikhoza kugwa pamsika kapena kubwerekedwa. Anati, "Aphunzitsi, ndamva. Bola muziziona msanga, mitengo sichedwa kusintha." Pamenepo anandigwira, chifukwa sabata yoyamba nkhani yake inagona masiku awiri ine ndisanaione. Tsopano ndinawonjezera lamulo lina m'kapulogalamu, loti ndikakwera pachulu kazindibweretsera kaye zonse zomwe zili pending, ndiziwerenge pakhonde, kenako ndikwerenso kukazivomereza.

Kwawo ku Tsangano chulu kulibe. Iye amatumizira pamwala wina waukulu womwe uli m'mphepete mwa munda wa tirigu wa bambo ake, ndipo akuti m'mawa kwambiri, nkhungu isanachoke, ndi pomwe rede imagwira bwino. Loweruka likubwerali ndikupita kumeneko ndi njinga yamoto. Senha yake yoyamba tinaipanga mothamanga ndipo inadutsa pa uthenga wa pafoni, choncho ndikufuna tikaifafanize, tipange ina ali pompo, ailembe yekha m'fonimo. Mng'ono wake nayenso wapempha kuti aphunzire, ndiye ndatenga kope latsopano loti tikalembemo masitepe onse m'Chichewa, kuyambira potsegula Termux mpaka pomwe nambala imatulukira.